Tsiku lomwe ndinathamangitsa theka la Golomoti

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine. Ndakhala ndikuibisa kwa abale anga okhala kutali, koma sabata yatha kondakitala wa minibasi, munthu woti sindimudziwa n'komwe, anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Mayi, si inu othamanga aja?" Pamenepo ndinadziwa kuti mbiri yafika kale ku Salima ndi ku Balaka. Ndiye bola ndiifotokoze ndekha, ena asanaithire mchere wawo.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la shopu ina pamsika wa Golomoti. Ndimakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo pathupi langa lonse zimene zimathamanga ndi mapazi okha opalasa makina. Ndili ndi ana awiri. Woyamba ndi Tadala, mtsikana wa zaka zinayi, wofatsa koma wosasunga chinsinsi. Wachiwiri ndi Lonjezo, mnyamata woti sanakwanitse zaka ziwiri, amene amanditsata paliponse ngati mchira. Bambo awo amalima ku sikimu ya mpunga ku Bwanje, ndipo masiku ambiri amatuluka nkhuku zisanatsike.

Chinayambitsa zonse ndi tepi yanga yomwe. Ndinkafuna kudzisokera diresi ya ku ukwati wa mng'ono wanga, ndiye ndinadziyeza m'chiuno. Ndinayang'ana nambala. Ndinatembenuza tepi poganiza kuti ndayambira kolakwika. Nambala yomweyo. Makasitomala anga ndimawatonthoza kuti nsalu za masiku ano zimafupika zikachapidwa, koma ine ndikanadzinamiza bwanji, tepi ili m'manja mwanga?

Kenaka mutu unayamba kundiwawa pafupipafupi. Kuchipatala nesi anandimanga chija cha pamkono, n'kuyang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Mayi, BP yanu yayamba kukwera. Muchepetse mchere, komanso muzilimbitsa thupi. Muzithamangako, ngakhale theka la ola patsiku."

"Theka la ola limenelo mundipatsa ndinu, anesi?"

"Muli ndi ana angati?"

"Awiri."

"Awiri okha?"

Nesi ameneyo anali asanakumanepo ndi Lonjezo.

Komabe ndinachita mantha. Mayi anga anagwa ndi BP yomweyo, mpaka lero dzanja lina siligwira. Ndinapita pakaunjika n'kusankha nsapato zothamangira, taiti yakuda ndi tisheti. Mng'ono wanga anandiikira apu mu foni, yowerenga mtunda umene munthu wathamanga, yokhala ndi mzungu wamkazi amene amakulimbikitsa m'makutu. Zida zonse zinalipo. Chosowa chinali nthawi.

Ndinayamba ndi kulawirira. Ndinati ndizidzuka 5 koloko bambo awo asanapite, ndizungulire kamodzi n'kubwerako ana akadali m'tulo. Koma Lonjezo ali ndi makutu osankha. Lole ikhoza kuliza hutala pamsewu, mvula ikhoza kugunda pamalata, iye osatembenuka. Koma ine ndingokhudza chingwe cha nsapato, maso tong'o.

"Mama, kuti?"

Basi, jogingi yathera pomwepo.

Ndinayesa za m'nyumba, zoonera pa foni. Ndikangogwada kuti ndipange mapushapu, Tadala ankakwera pamsana n'kumati ndine bulu wa ngolo, Lonjezo n'kulowa kunsi kufuna kuyamwa. Lamlungu lotsatira aphunzitsi a Sande sukulu anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati kunyumba kuli mtendere, chifukwa Tadala anauza kalasi yonse kuti amayi ake masiku ano amagwa pansi n'kumabuula.

Ndinayesanso kuthamanga nditamubereka Lonjezo. Sindinafike ndi pamjigo pomwe, phala lonse limene anadya m'mawawo linali litanditsikira m'khosi mpaka kumsana.

Miyezi iwiri inatha choncho, nsapato zija zili pansi pa bedi, mapuku okha ndi amene ankazigwiritsa ntchito.

Ndiye linafika Lachinayi lina m'nyengo ya mango. Bambo a Tadala anaweruka msanga ku sikimu, ine ndinatsekanso msanga chifukwa ulusi unandithera. Cha m'ma 4 koloko tonse tinali pakhomo, dzuwa litayamba kuchepa ukali. Ndinaona kuti mwayi wotere subwera kawiri.

"Bambo a Tadala, mundigwirireko anawa. Theka la ola lokha."

"Aa, theka la ola n'chiyani? Ana anga omwe? Pitani, ngakhale mpaka ku Mtakataka."

"Koma Lonjezo asandione ndikutuluka."

"Inu mumamuopa kwambiri mwanayu. Ndi kamunthu kakang'ono aka."

Sindinawatsutse. Munthu amene sanalumidwepo ndi mavu amati ndi ntchentche zazikulu.

Tinapangana chonchi: iwo akhale ndi ana pabwalo kutsogolo, awapatse mango, ine ndizembere kumbuyo. Kuseri kwa bafa kuli chibowo pampanda wa udzu pamene pamadutsa nkhuku za aneba. Ndinavala taiti ija, pamwamba pake n'kumanga chitenje, chifukwa sindinkafuna kuti mawa lake apongozi amve kuti mkazi wa mwana wawo akuyenda pamsika atavala ngati wosewera mpira. Mahedifoni ndinawakoleka m'khosi. Ndinagwada n'kuyamba kukwawa.

Chibowo cha nkhuku si cha munthu wa nambala ya tepi ija. Mutu unadutsa, mapewa anadutsa, pakati panavuta. Ndikulimbana ndi udzu choncho, ndinamva timapazi kumbuyo.

"Mama!"

Anali atazungulira nyumba. Anaona miyendo ya amake ikulowa mumpanda. Kulira kumene anakuyamba pamenepo, ngakhale mbuzi yogwidwa ndi fisi siifika. Ndinadziwa kuti ndikangobwerera, tsiku latha. Ndinadzikoka mwamphamvu, udzu n'kuthyoka, ndinatulukira kunja mutu uli mbuu, n'kuliyatsa liwiro. Ndinkathamanga ndikucheuka, kuopa kuti nayenso adutsa pachibowo chomwecho.

Pakanjira kopita kumjigo ndinakumana ndi Abiti Juma, aneba athu achisilamu, mayi wamkulu bwino amene amagulitsa usipa pamsika. Anali atasenza chidebe cha madzi.

"Mayi a Tadala, kwagwanji?"

"Musandiimitse, ali m'mbuyomu!"

Ndinangoyankha choncho osaima. Ndinalowetsa mahedifoni m'makutu, n'kukweza nyimbo za kwaya mpaka kumapeto. Dziko lonse linatsekeka.

Cholinga changa chinali kudutsa pamjigo, kudutsa pachigayo, kukafika pamlambe waukulu uli pafupi ndi njanji, n'kubwerera. Pachifuwa pankatentha, mawondo ankadandaula, koma mumtima ndinali ndi chimwemwe chimene ndinachiiwala kalekale. Panalibe wondikoka chitenje. Panalibe wofuna madzi, wofuna kukodza, wofuna kunyamulidwa. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi manja anga onse awiri anali anga.

Nditadutsa chigayo ndinacheuka kuti ndione mtunda umene ndayenda.

Kumbuyo kwanga kunali anthu. Akuthamanga.

Kutsogolo kwa onse kunali Abiti Juma, opanda chidebe. Pambuyo pawo azimayi a pamjigo, ena ana ali kumsana. Pambuyo pa iwowo enanso, fumbi lili kobo.

Mukuganiza kuti ndinadabwa? Ayi, ndinanyada. Ndinati mumtima, taonani, anthu a ku Golomoti amangosowa woyambitsa. Azimayi onsewa ankafuna kulimbitsa thupi koma ankachita manyazi. Ndinayamba kuganiza zokhazikitsa kalabu, ine wapampando, mayunifolomu ndisoke ndekha, obiriwira okhala ndi mzere woyera. Chifukwa cha chisangalalo ndinakweza dzanja n'kuwakodola mwamphamvu.

"Tiyeni! Tiyeni, musafooke!"

Anawonjezera liwiro. Ndinati eya, utsogoleri ndi umenewu.

Kukayika kunayamba pamene anandipitirira agogo ena a kuseri kwa msika, amene tsiku lililonse amayenda ndi ndodo, kuchoka pakhomo pawo kukafika pamsika mpaka ola lathunthu. Anandidutsa ngati mphepo, ndodo ili m'khwapa, nsapato zili m'manja. Kenaka anadutsa mayi wina woyera ufa thupi lonse, lichero lopanda kanthu lili m'manja. Kenaka bambo wa pabutchala, munthu wamkulu thupi kuposa ine, mpeni uli m'dzanja, pakamwa pali yasa. Ndinayang'ana nkhope zawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaoneka ngati akulimbitsa thupi.

Ndinachotsa hedifoni imodzi.

Phokoso limene linalowa m'khutu langa linandiumitsa thupi. Ana akulira, azimayi akuitana mayina a ana awo, zitseko zikumenyedwa, nkhuku zikuuluka. Pambali panga pankadutsa bambo wina wachilendo panjinga, dengu la nsomba lili kumbuyo.

"Achimwene, kwatani?"

"Galu wachiwewe, mayi! Ali m'mbuyomu, thawani!"

Sabata yonseyo pamsika pankamveka mbiri yoti kumidzi ya kunyanja kwaoneka galu wachiwewe, ndipo aliyense ankayenda akuyang'ana m'tchire. Ndiye wafika kuno? Ndipo ine ndakhala ndikuthamanga mwachifatse, ndikuimba kwaya, chilombo chili kumbuyo kwanga?

Ine amene mphindi yapitayo ndinkaganiza zoima kuti ndipume, ndinapeza mphamvu zimene sindikudziwa kumene zinkabisala. Bambo wa pabutchala ndinamupitirira. Agogo aja ndinawapitirira. Ngalande imene masiku onse ndimaizungulira ndinailumpha osaiona n'komwe. Wanjinga uja anangondiposa pang'ono.

Pamlambe paja ndinapeza anthu ataunjikana. Ena anali atakwera pachulu, ena pangolo imene mwini wake anaisiya pomwepo. Ndinagwira mawondo ndikupuma ngati ng'ombe yolima. Pafupi nane panali mayi wina amene sindinkamudziwa, wa kumapiri, amene anabwera kudzagulitsa mbatata ya kachewere.

"Akuti waluma kale mwana," anatero.

"Mayo ine. Makolo ake anali kuti?"

"Akuti mayi wake atangomuona galuyo anathawa yekha, kusiya ana awiri pabwalo akulira."

"Mayi wopanda mtima ameneyo," ndinatero ine ndi mkwiyo weniweni. "Azimayi ena sayenera kubereka. Ndi kwa ndani?"

"Kuseri kwa mjigo uko, nyumba ya mpanda wa udzu. Akuti kwa atelala."

Sindinamve china chilichonse pambuyo pa mawu amenewo. Kuseri kwa mjigo telala ndi mmodzi.

Mwina mukuganiza kuti apa ndi pamene ndinazindikira zimene zinachitika. Ayi ndithu. Chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi kulira kuja kwa Lonjezo. Ine ndinkayesa akulirira ine. Nanga ngati anali ataona galu? Nanga ngati pamene ndinkakwawa pampanda chilombo chinali chikulowa pageti? Mwana wanga anandiitana, ine n'kutseka makutu ndi nyimbo.

Ndinatulutsa foni n'kuimbira bambo a Tadala. Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Osayankha.

Ndinatembenuka kuti ndibwerere. Abiti Juma, amene anali atangofika kumene akupumira m'mwamba, anandigwira chitenje ndi manja awiri.

"Musapiteko, mwana wanga. Wallahi, akulumani nanunso. Azibambo apita kale ndi zibonga."

"Ndisiyeni, ana anga ali komweko!"

Iwo anakoka, ine ndinakoka. Chitenje chinatsala m'manja mwawo. Ndipo umu ndi mmene ine, mayi wa ana awiri, membala wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndinadutsira pakati pa Golomoti dzuwa likuwala nditavala taiti yokhayokha. Koma nthawi imeneyo sindinkaganiza za apongozi. Ndinatola chidutswa cha njerwa m'njira. Ndinkathamanga ndikupemphera mokweza, ndikulonjeza Mulungu kuti akangondisungira anawo, nsapatozi ndikaziponya m'chimbudzi, BP ichite zimene ikufuna.

Njira yonse inali ngati kwadutsa nkhondo. Pachigayo matumba a chimanga ali okha, injini ikulira yokha. Pamjigo zidebe zili mbwee, madzi akuyenderera. Patapata mmodzi apa, mpango apo, beseni la mandasi litagubuduzika, mbuzi zikuchita phwando.

Nditafika pakhomo ndinapeza azibambo atazungulira mpanda wathu, ena ndi mipini, ena ndi zikwanje, wina ndi fosholo. Wowatsogolera anali a Ngozo, wapampando wa achitetezo cha m'mudzi, bambo wachikulire wosakonda kuseka. Ankalozerana ndi manja, akuyenda monyang'ama. M'kati mwa mpanda munali zii.

Kukhala chete kumeneko ndi kumene kunandimaliza. Nyumba imene muli Lonjezo sikhala chete.

"Mayi, dikirani kaye," anatero a Ngozo.

Ndinawakankha, n'kumenya geti ndi phewa. Azibambo onse analowa pambuyo panga.

Pansi pa mtengo wa mango, pamkeka, panali bambo a Tadala atavula malaya. Lonjezo anali pamiyendo pawo akuyamwa chikhokho cha mango, madzi ake akutsikira mpaka pamchombo. Tadala anali pambali akupanga nyumba ya timitengo. Bambo awo anadzutsa mutu n'kuona mkazi wawo atavala taiti, udzu uli m'tsitsi, njerwa ili m'dzanja, kumbuyo kwake gulu la amuna onyamula zikwanje. Nkhope yawo inasanduka ngati phulusa. Anakweza manja onse awiri.

"Mayi a Tadala, ndalakwanji? Mwana wangolira pang'ono pokha."

Ndinagwa pamkeka n'kuwakumbatira ana onse awiri. Ndinawayang'ana miyendo, manja, nkhope. Panalibe magazi, panalibe bala. Ndinalira mokweza, Lonjezo n'kundipaka mango kumaso.

"Foni simumayankha bwanji?"

"Ili kotchaja, kumsika."

"Nanga galu ali kuti?" anafunsa a Ngozo.

"Galu wanji?"

"Wachiwewe. Amene walowa muno."

Bambo a Tadala anadzambatuka n'kunyamula ana onse awiri nthawi imodzi. "Walowa muno? Liti?"

Azibambo anabalalika kufunafuna. Anayang'ana kubafa, kukhitchini, pansi pa bedi lathu. Kenaka kuseri kwa mpanda kunamveka mfuu yoti wapezeka. Anali galu wokalamba wa aneba ena, akugona pansi pa khola la nkhunda, wosadziwa chilichonse. Mipini inali itakwera kale m'mwamba pamene mwini wake anadzigwetsa pamwamba pa galuyo.

"Ameneyu alibe ndi dzino limodzi lomwe! Timachita kumunyowetsera chakudya!"

Anamutsegula kukamwa kuti onse aone. Zoonadi, munali nkhama zokhazokha. Galuyo anayasamula n'kugonanso.

Pamenepo anthu othawa aja anali atayamba kubwerera, ndipo onse ankalunjika kwathu kudzaona mwana wolumidwa. Bwalo linadzaza, ena anaima kunja akusuzumira pamwamba pa mpanda. A Ngozo anagogoda pansi ndi chibonga chawo.

"Tiyeni tiyambe bwinobwino. Amene wamuona galu ameneyu ndi maso ake akweze dzanja."

Palibe dzanja linakwera.

"Nanga inu a nsomba, munamva kwa ndani?"

"Kwa a pachigayo."

"A pachigayo?"

"Ife tinaona azimayi a pamjigo akuthawa, akuti galu."

"Azimayi a pamjigo?"

Onse anatembenukira kwa Abiti Juma, amene anaima pafupi ndi geti chitenje changa chili m'manja.

"Ine galuyo sindinamuone," anatero. "Koma ndinaona mayi a Tadala akutuluka pampanda chokwawa ngati munthu wothawa moto, mwana akulira m'kati, iwo akuthamanga akucheuka. Nditawafunsa anati ndisawaimitse, ali m'mbuyomu. Ndiye sabata ino chimene chingakhale m'mbuyo mwa munthu n'chiyani? Ndinataya chidebe. Ndiponso titafika pachigayo anatikodola ndi dzanja kuti tifulumire, tisafooke."

"Zoona, anatikodola," anavomereza azimayi angapo.

Mawu amenewo ankalowa m'mutu mwanga limodzilimodzi, ngati madontho a padenga lothonya. Chibowo. Kulira. Kucheuka. Ali m'mbuyomu. Galu amene ndinamuthawa mpaka kulumpha ngalande, galu amene ndinamutolera njerwa, ndinamubereka ndekha ndi pakamwa panga. Ndipo mayi wopanda mtima uja, amene ndinati sayenera kubereka, anali atakhala pamkeka wanga, atavala taiti yanga.

Maso onse anali pa ine. A Ngozo anayandikira.

"Mayi, tiuzeni. Anali m'mbuyo mwanu ndani?"

Ndinangokweza chala n'kuloza. Lonjezo, ali m'manja mwa bambo ake, anaona kuti anthu onse akumuyang'ana, ndipo anawamwetulira n'kuwapatsa chikhokho cha mango.

"Mumathawa mwana wanu yemwe?"

"Sindimathawa, bambo. Ndimapanga jogingi."

"Mumapita kuti?"

"Kumlambe."

"Kukatani?"

"Kukabwerera."

A Ngozo anandiyang'ana, n'kuyang'ana amuna anga, ngati akuwafunsa kuti vutoli linayamba liti. Agogo a ndodo aja, amene tsopano anali atabwerera ku ukalamba wawo moti anachita kuwagwirizira anthu awiri, analoza ndodo kwa ine.

"Ine ndinathamanga komaliza ndisanakwatire. Lero ndasiya mphika pamoto, ndasiya mkazi wanga m'bafa. Ndiye mukuti ndathamangira kukabwerera?"

Ndinkafuna kupepesa, koma pogwada chingwe cha mahedifoni chinazuka mu foni. Mzungu uja, amene nthawi yonseyi ankayankhula yekha m'khosi mwanga, anatulukira pagulu ndi mawu okweza, osangalala kwambiri.

"Congratulations! New record!"

"Akuti chiyani ameneyo?" anafunsa agogo.

"Akuti wachita bwino," anamasulira bambo wa pabutchala.

Abiti Juma anangobwera mwakachetechete n'kundifunditsa chitenje changa m'chiuno, ngati mmene amafunditsira munthu amene wazungulira mutu. "Subhanallah," ananong'ona. "Mukanangondiuza, mwana wanga, ndikanamugwira ine mwanayo."

Ndinkayesa zathera pamenepo, koma bambo wina wokonza njinga, amene shedi yake ili pafupi ndi mpanda wathu, anakweza dzanja.

"A tcheya, za galuzo mwina ndi zabodza. Koma za kulumazo ndinamva ndekha ndi makutu angawa. Bambo a pakhomo pano anakuwa kuti wamuluma, wamuluma, musiye. N'chifukwa chake ndinathamanga kukakuitanani."

A Ngozo anatembenukira kwa amuna anga. Bambo a Tadala, aja ankati ndi kamunthu kakang'ono aka, anayamba kukanda m'mutu akuyang'ana pansi.

"Kukuwako ndinakuwadi. Amake atazemba, mnyamatayu anapsa mtima. Ndinamunyamula, anandimenya ndi mutu pamphuno. Ndinamutsitsa, anagubuduzika m'fumbi. Ndiye mlongo wakeyu anabwera kuti amutonthoze."

Tadala sanadikire kufunsidwa. Anaimirira pakati pa bwalo, n'kutembenuka, n'kutsitsa diresi paphewa kuti aliyense aone bwino. Pamenepo panali chizindikiro chozungulira, chofiira, mano anayi m'mwamba, anayi m'munsi.

A Ngozo anatulutsa magalasi m'thumba la malaya, anawapukuta, anawavala. Anawerama n'kuliyang'ana balalo nthawi yaitali, ngati dokotala wa ziweto. Kenaka anawongoka n'kumuyang'ana Lonjezo, amene dovu losakanikirana ndi mango linali likutsika pachibwano. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Mayi, ameneyu katemera anabayitsa?"

Ndipo ine, mutu utasokonezeka kale, ndinagwada mwaulemu n'kuyankha ndi mtima wonse.

"Yense, bambo. Ndikatenge buku lake?"

Kwathu kuno munthu wamkulu sathamanga chabe, ndiye ukafuna kulimbitsa thupi, yamba watsanzika mudzi wonse.